Kutsogolo kwa shopu anali okoma pakamwa, walanti ndinakaipeza kugalaja

Njinga yanga yamoto ndi ya 150cc, ya silinda imodzi, magiya asanu, injini yoziziritsidwa ndi mphepo. Ndinaigula yatsopano kwa ogulitsa ovomerezedwa ndi kampani yoipanga, ndipo inabwera ndi walanti ya zaka ziwiri kapena makilomita 20,000, chimene chingayambe kukwana. Panopa ndili m'chaka chachiwiri. Njingayo ndilibe nayo mawu, imandisunga bwino. Amene ndikufuna kuwakamba ndi ashopu, chifukwa ambirife pogula timafunsa za liwiro, za mafuta ndi za mtundu wa penti, koma sitifunsa kuti adzatilandira ndani tsiku limene chipangizo china chidzafe.

Kutsogolo kwa shopuyo kulibe chodandaula. Mnyamata amene anandilandira ankazidziwa njinga zake. Ine ndinalowa mtima uli pa ina yokulirapo, koma iye anandifunsa kutalika kwa maulendo anga ndi katundu amene ndimanyamula, kenako anandikhazika pa zonse ziwiri kuti ndione pamene mapazi akufika pansi bwinobwino. Anandiuza poyera kuti yaikuluyo ndingoitayira ndalama. Wogulitsa wokukaniza chinthu chodula sapezekapezeka, ndiye pamenepo ulemu wake ndimupatsa. Koma nditafunsa za walanti anayankha akumwetulira kuti, "Abwana, musavutike. Chikangovuta chilichonse mungobwera nayo, ndi zaulere." Palibe walanti imene imanena zimenezo, ndipo ndikukhulupirira kuti iyenso ankadziwa.

Kabuku ka walanti kamanena zina. Kampani imalonjeza kukonza kapena kusintha chipangizo chimene chafa chifukwa chinapangidwa molakwika kapena chinamangidwa molakwika kufakitale, basi. Zinthu zimene zimatha chifukwa choyenda mulibe: matayala, mabuleki, tcheni, mbale za kilatchi, pulagi, mababu, zingwe. Batire lili ndi nthawi yakeyake yaifupi, ndipo m'kabuku kanga analemba miyezi 6. Njinga yochitira mpikisano kapena yogwiritsa ntchito pabizinesi yonyamula anthu ndi katundu, makampani ambiri amaifupikitsira walanti kapena kuichotseratu. Ndalama zonyamulira njinga ikakuferani panjira ndi zanu, tsiku limene mwajomba kuntchito ndi lanunso. Zonsezi si zachilendo, ndipo sindikuzitsutsa. Chimene chinandinyansa n'chakuti kabukuka anandipatsa nditalipira kale, kali m'kapulasitiki limodzi ndi kiyi wasipeya. Kanayenera kukhala patebulo pamene tinkakambirana mtengo.

Anthu ambiri sadziwa kuti njinga zing'onozing'ono ngati izi zimafika kwa ogulitsa zili m'mabokosi, zosamanga zonse. Ashopu ndi amene amamanga tayala lakutsogolo, hendulo ndi magalasi, kuthira asidi m'batire ngati linabwera louma, kuyeza oyilo ndi mpweya wam'matayala, n'kuiyendetsa pang'ono. Pali fomu imene amachonga akamaliza. Yanga inali yochonga kuyambira pamwamba mpaka pansi, cholembera chimodzi, mzere woongoka ngati munthu sanadzutse dzanja. Koma nditafika kunyumba ndinapeza tcheni chili chokungika kwambiri, pamene buku la njinga limati chizisewera mamilimita 20 mpaka 30. Tcheni chokungika chotere chimadya mabeyaling'i ndi mano a sipuroketi mwakachetechete, ndipo zikadzatha adzakuuzani kuti ndi zinthu zotha ndi kuyenda. Ndinabwerera, anachimasula osatsutsa, koma wolemba fomu ija sanaoneke.

Sevisi yoyamba, ya pa makilomita 1,000, inayenda bwino. Amati ndi yaulere, koma chaulere ndi manja a makaniko okha, oyilo mumagula. Ndinaona botolo limene anatsegula ndipo linali ndi chizindikiro cha JASO MA. Chimenechi n'chofunika kuposa mmene chimaonekera. Pa njinga zambiri kilatchi imakhala m'oyilo yemweyo wa injini, ndipo oyilo wina wa galimoto amathiramo mankhwala ochepetsa kukhulana kwa zitsulo, amene amachititsa kilatchi ya njinga kuterereka. N'chifukwa chake ku Japan anakhazikitsa muyezo umenewu mu 1998. Anadinda buku, analemba tsiku ndi makilomita, ndipo anandipatsa lisiti lolemba zonse zimene anachita. Mpaka pamenepa ndikanawauza anzanga kuti pitani mukagule kumeneko.

Vuto linayamba miyezi 6 ija itangodutsa pang'ono. M'mawa ndikadina sitata inkangoti khe, khe, n'kukhala chete, mpaka ndiilize ndi mwendo. Usiku ndikaima pamphambano getsi lakutsogolo linkafiira, hutala inkalira mosasa. Nditapita nayo ndinakumana ndi bambo wina amene amakhala pakauntala ya kugalaja, wolemba makhadi a ntchito. Sanadzuke n'komwe pampando. Atamva za sitata anati, "Limenelo ndi batire, bwana. Batire ndi miyezi 6, ndiye inu mwapyola." Ndinawafunsa ngati angayambe ayeza. Anati batire likafa lafa, palibe choyeza. Anandigulitsa latsopano, mnyamata wina analimanga, njinga inalira, ndinanyamuka.

Batire latsopanolo silinakhalitse. Patangopita masabata owerengeka zija zinayambiranso. Ulendo uno bambo aja anatuluka, anaizungulira njinga, maso awo n'kugwera pa tchaja ya foni imene ili pahendulo. Nkhope inawala. "Mwaona? Mwaikamo zinthu zanu m'mawaya. Pamenepa walanti ya magetsi yatha." Anatsegula kabuku n'kundilozera ndime yonena za kusintha njinga.

Apa ndiye panandipweteka, chifukwa tchaja imeneyo anandigulitsa ndi iwo omwe, ndipo anaimanga ndi makaniko wawo tsiku la sevisi yoyamba. Lisiti lake linali m'buku lomwelo limene anali atagwira m'manja. Ngakhale akanati ndinaimangira kwina, masamu ake sakugwirizana. Tchaja yotere imapereka mavoti 5 ndi ma amp 2, amene ndi mawati 10, pamene babu lakutsogolo lokha limadya mawati 35. Ili ndi fyuzi yake, ndipo imazima kiyi akazima, ndiye usiku siingayamwe batire. Ndiponso ndime imene ankandilozerayo, mukaiwerenga mofatsa, sikuti ikunena kuti chilichonse chowonjezera chimapha walanti. Ikunena za kuonongeka kobwera chifukwa cha chinthu chowonjezeracho. Kusiyana kwake n'kwakukulu, ndipo munthu amene ntchito yake ndi kulemba makhadi amenewa sangalephere kukudziwa.

Amene anathetsa nkhaniyi ndi makaniko wina wachikulire amene ankamvetsera ali pansi pa njinga ina. Anapukuta manja n'kunena kuti, "Tabweretsani kuno tione kaye, tisaweruze mlandu tisanaufunse." Anachotsa chivundikiro cham'mbali n'kugunditsa kachipangizo koyezera magetsi pamitu ya batire. Anali atalitchaja pang'ono, ndipo injini ili chete linkaonetsa mavoti 12.5. Analiza njinga, anayatsa getsi, anakweza moto, n'kundiitana kuti ndione ndekha. Manambala aja m'malo mokwera ankatsika: 12.3, 12.2, 12.1. Anati njinga yabwinobwino pamenepa imayenera kuonetsa pakati pa 13.5 ndi 14.5. Anazula tchaja yanga kuti aliyense aone, manambala sanasinthe.

Kenako anatsata mawaya atatu achikasu ochokera mu injini, n'kuwayeza awiriawiri. Onse ankatulutsa magetsi ofanana, okwera pamodzi ndi moto, kusonyeza kuti makoyilo a m'kati ali bwino. Atazula polumikizira mawayawo ndi regulator, fungo la pulasitiki wopsa linatuluka. Pulasitiki amene anali woyera anali atasanduka wofiirira mbali imodzi, ndipo kachitsulo kamodzi mwa titatu tija kanali kakuda, kogwedera m'malo mwake. Anandifotokozera kuti injini imapanga magetsi osinthasintha, ndipo regulator ndi imene imawaongola kuti alowe m'batire, n'kuwaletsa kupyola muyezo. Otsalawo imawataya ngati kutentha, n'chifukwa chake ili ndi timapiko tachitsulo ndipo amaiika pamalo opita mphepo. Polumikizira pakakhala pogwedera pamatentha, kutenthako kumawonjezera kugwedera, mpaka regulator imatsatira. Ntchito yonse yoyezayi sinafike theka la ola. Batire langa loyamba lija, limene analitaya, mwina linali lisanafe n'komwe. Linkangofuna chakudya.

Makaniko yemweyo ndi amene anandiuza mmene pempho la walanti limayendera, zimene wina aliyense m'shopumo sanavutike kundiuza. Ashopu sangangotenga chipangizo pashelefu n'kumanga. Amajambula chipangizo chakufacho, amajambula makilomita, amakopera nambala ya chesesi ya zilembo ndi manambala 17 ija, amajambulanso masamba odinda a m'buku la sevisi, n'kutumiza zonse kwa oimira kampani. Akavomera ndi pamene chipangizo chimatumizidwa, ndipo chakalecho amachimangirira kapepala n'kuchisunga kapena kuchibweza kuti akachione. Tsamba limodzi likasowa chidindo, kapena sevisi ikachedwa kwambiri kupyola makilomita ake, pempholo akhoza kulikana, ndipo ngati ashopu anali atakonza kale, ndalamazo zimawagwera iwo.

Pamenepa ndi pamene ndinamvetsa khalidwe la bambo apakauntala, ngakhale kumvetsa si kukhululuka. Pa ntchito ya walanti kampani imalipira shopu molingana ndi nthawi imene inalembedwa kale m'buku lake pa ntchito iliyonse, kaya makaniko watenga nthawi yaitali bwanji, ndipo nthawi zambiri malipirowo amakhala otsika poyerekeza ndi amene kasitomala wolipira yekha amapereka. Nthawi yofufuza vuto ndiye imavuta kwambiri kuibweza. Kuwonjezera apo pali mapepala, ndi mantha oti pempho likanidwa. Kugulitsa batire n'kosavuta: ndalama pompopompo, phindu lilipo, palibe fomu. Choncho shopu imene mwini wake amangowerenga ndalama zolowa tsiku limenelo imaphunzitsa antchito ake, ngakhale osawauza ndi pakamwa, kuti kasitomala wa walanti ndi mtolo. Amene amaona patali amadziwa kuti munthu yemweyo ndi amene adzabwere kudzagula njinga yachiwiri.

Kudikira chipangizo kunatenga masabata angapo. Kudikirako pakokha sindikukudandaula kwambiri, zinthu zochokera kutali zimachedwa. Chondikwiyitsa chinali kukhala chete kwawo. Anatenga nambala yanga ya foni kawiri konse koma sanaimbepo. Ndikaimba, wolandira foni ankati amene akudziwa nkhaniyi watuluka. Tsiku lina anandiuza kuti chipangizo chili m'njira, mawa lake wina n'kundiuza kuti kampani sinavomerebe. Nditapempha nambala ya pempho langa kuti ndifunse ndekha kwa oimira kampani, panadutsa kanthawi anthu akuyang'anana, ndipo zinadziwika kuti pempholo linatumizidwa mochedwa chifukwa chithunzi cha makilomita chinali chisanajambulidwe, chikhalirecho njinga inali ili m'galaja mwawo momwemo. Njinga yobwereka analibe, ndipo kabuku sikalonjeza zimenezo, ndiye sindinaumirire.

Mkangano wa tchaja uja unandichititsa kuwerenga mmene nkhani zotere zimayendera m'mayiko osiyanasiyana, ndipo ndinapeza kuti ndi wakale. Ku United States kuli lamulo la Magnuson-Moss la mu 1975, limene limaletsa kampani kukakamiza wogula kugwiritsa ntchito masipeya ake okha kapena galaja yake yokha kuti walanti ikhalebe yamoyo, pokhapokha ngati zinthuzo ikupereka mwaulere. Mu 2022 bungwe la boma loteteza ogula la Federal Trade Commission linachitapo kanthu pa kampani yopanga njinga zamoto ya Harley-Davidson chifukwa walanti yake inkanena kuti ikhoza kutha mwini njinga akagwiritsa ntchito masipeya kapena amakaniko ena, ndipo kampaniyo inauzidwa kuti isinthe mawuwo. M'mayiko a European Union wogulitsa amakhala ndi udindo kwa zaka zosachepera ziwiri pa chinthu chimene chinali ndi vuto pogulitsidwa, kaya kampani yopanga yalonjeza chiyani. Ku Britain lamulo la Consumer Rights Act la mu 2015 limalola wogula kubweza chinthu chavuto m'masiku 30 oyamba n'kulandira ndalama zake. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, koma mfundo imene ndinatolapo ndi yakuti walanti ndi lonjezo lowonjezera la kampani, ndipo siifafaniza udindo umene wogulitsa ali nawo pamaso pa malamulo a dziko lake. Ashopu ambiri amalankhula ngati kabuku kaja ndiye malire a zonse.

Chipangizo chitafika, makaniko wachikulire uja anachimanga yekha. Anadula polumikizira popsa paja n'kuikapo patsopano, osati kungopala n'kubwezeretsa monga ena amachitira. Anandionetsa regulator ziwirizo moyandikana. Yatsopanoyo inali ndi timapiko totalikirapo, ndipo nambala yake inali yosiyana kumapeto. Ndinamufunsa kuti, "Bambo, kodi ndiye kuti akufakitale ankalidziwa vutoli?" Anangoseka n'kunena kuti yanga si yoyamba kuiona. Makampani amatumizira ogulitsa awo zikalata zowadziwitsa za mavuto obwerezabwereza ndi kakonzedwe kake, koma zikalata zimenezi sizifika kwa eni njinga. Kuitanitsa njinga zonse poyera kumachitika makamaka vuto likakhudza chitetezo cha wokwera. Ngati chikalata chotere chinalipo pa njinga yanga, ndiye kuti bambo apakauntala ankayenera kuganizira za regulator tsiku loyamba lomwe lija. Analiza injini, kachipangizo kaja kanaonetsa 14.2 n'kukhazikika pomwepo. Sindinalipire kalikonse.

Yatsala nkhani ya batire limene anandigulitsa popanda kuyeza. Ndinapempha kuonana ndi manijala, mayi wina wodekha amene anandimvetsera mpaka kumapeto osandidula mawu. Anavomera kuti anyamata ake anayenera kuyeza. Koma anati ndalama sangabweze chifukwa batire ndaligwiritsa ntchito, ndipo lakale lija linatayidwa kale, palibe umboni woti linali lamoyo. Ndinawakumbutsa kuti analitaya ndi iwo. Anati, "Pepani bambo, tiona chimene tingachite." Fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndiye ndinawapempha kuti chimene angachitecho achilembe pakhadi la ntchito n'kusainira. Analemba kuti pa sevisi yotsatira sindidzalipira manja a makaniko. Sizikufanana ndi mtengo wa batire, komabe anasunga mawu awo, ndipo chiyambire tsiku limenelo akandiona amandipatsa moni ndi dzina.

Ndinalemberanso oimira kampani kalata yaifupi, yokhala ndi nambala ya chesesi, masiku, ndi zithunzi za malisiti. Anayankha mwaulemu ndiponso msanga, koma anati nkhani ya batire ndi ya pakati pa ine ndi shopu, popeza shopuyo ndi bizinesi yoima payokha. Zimenezi n'zoona, ndipo ogula ambiri sazidziwa. Chikwangwani chachikulu cha kampani chili pakhomo, antchito avala malaya a dzina la kampani, koma amene amawalemba ntchito ndi kuwalipira ndi mwini shopu. N'chifukwa chake njinga ya mtundu umodzi, walanti yofanana mawu ndi mawu, wina amaiyamikira wina akuitukwana.

Mnzanga wina akufuna kugula njinga ndipo anandifunsa ngati apite kushopu yomweyi. Ndinamuuza kuti apite, koma asayambire kutsogolo. Azungulire kaye kugalaja aone ngati pali njinga zimene zachita fumbi zikudikira masipeya, ndipo afunse kuti zakhala nthawi yaitali bwanji. Afunse ngati zinthu zofala monga regulator, zingwe ndi mbale za kilatchi amasunga pashelefu. Apemphe kabuku ka walanti akawerengere kunyumba asanatulutse ndalama. Akadzapita ndi vuto, aonetsetse kuti pakhadi alemba zimene iye wanena, monga "getsi likufiira injini ikakhala pansi", osati zimene wapakauntala waganiza, chifukwa tsiku limene mwakadandaula koyamba likalembedwa walanti isanathe, limakutetezani ngakhale kukonzako kuchedwe. Ndipo chipangizo chilichonse chimene walipira kuti chisinthidwe, chakalecho atenge apite nacho.

Ine ndipitirizabe kupita kumeneko mpaka walanti ithe, chifukwa ndikufuna zidindo zija zikhale zokwanira, ndipo ndimapangana tsiku limene makaniko wachikulire uja alipo. Sevisi ikubwerayi ndi yoyeza mipata ya mavalavu, ntchito imene imachitika injini itazizira, ndiye ndidzaisiya madzulo kuti adzaigwire m'mawa. Palinso pempho lina limene lili m'njira. Galasi la pa wotchi ya liwiro layamba kuchita nthunzi m'kati mvula ikagwa, ndipo manambala a makilomita sakuoneka bwino. Bambo apakauntala ayamba kale kunena kuti mwina ndimaitsuka ndi madzi amphamvu. Manijala anajambula yekha chithunzi, ndipo nambala ya pempholo anandipatsa tsiku lomwelo ndisanaipemphe.